Dongo la London ndi Ngalande za Bakerloo

Pamene ankakumba maziko a Shell Centre ku London kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, munthu akanaganiza kuti choopsa n'kulemera kwa nyumbayo. Koma ngalande za sitima za Bakerloo zodutsa pansi pake zinakwera m'mwamba masentimita ochepa, ndipo miyeso ya kuyambira 1959 mpaka 1986 inasonyeza kuti zinkakwerabe. Kukumbako kunachotsa dothi limene linkapsinja dongo la pansi, ndipo dongo likapepukidwa pamwamba limayamwa madzi pang'onopang'ono n'kufufuma ngati nyemba zonyika. Wina anganene kuti masentimita ochepa si kanthu poti sitima zikuyendabe. Zoona, koma ngalande sikwera mofanana paliponse: imapindika, ndipo malo olumikizira zitsulo zake ndi amene amavutika. N'chifukwa chake lero wokumba pafupi ndi njanji zimenezi amayamba wapima ngalandeyo.