Chikumbutso si maliro

Ena amafunsa: mwambo wokondwerera moyo wa gogo amene ankakhala kunyumba yosamalira okalamba oiwalaiwala, tiutche maliro? Ayi ndithu. Maliro ndi kulira ndi kuika thupi m'manda. Uwu ndi chikumbutso, mawu ochokera ku kukumbuka ndi kukumbutsana.

Amalawi ogwira ntchito m'nyumba zotere ku Britain amaudziwa bwino. Malemu aikidwa kale, koma achibale, osamalira ndi agogo anzawo amakumana pa tiyi, kuonetsana zithunzi, n'kuimba nyimbo imene malemuwo ankaikonda. Matenda a ubongo ngati Alzheimer's (si ufiti, chonde) amafufuta ngakhale mayina a ana, koma nyimbo zakale zimachedwa kuchoka m'mutu.

Mukaitanidwa, misozi siiletsedwa, komabe bwerani ndi kankhani koseketsa ka malemuwo.