Mbiri ya Mau a m'Kompyuta

Mafumu ndi alimi nonse, lero tikambe za mau amene amatuluka m'kompyuta, popeza maphunziro ena a ulimi mumawamvera pa makina otere.

Kompyuta imene kampani ya IBM inatulutsa m'chaka cha 1981 sinkalankhula ai, inkangolira ngati mwanapiye. Wofuna nyimbo anayenera kugula kachipangizo kapadera, kadi ya mau, nakalowetsa m'kati. Kadi yotchuka inali Sound Blaster, imene kampani ya Creative ya ku Singapore inatulutsa m'chaka cha 1989.

Tsono panali vuto ili. Nyimbo, mau a munthu ndi kabelu ka uthenga zingafune kumveka nthawi imodzi, koma potulukira pake ndi pamodzi. Chotero mauwo ayenera kuyamba asanganizidwa. Makadi okwera mtengo, monga Sound Blaster Live! ya 1998, ankasanganiza okha. Makadi ambiri otsika mtengo sankatha nchitoyi, ndipo pa makompyuta a Linux pulogalamu yoyamba kulankhula inkatsekereza zinzake, monga muja zichitira pa bwalo: wina akamanena mlandu, ena onse amakhala chete kufikira atatha.

Makompyuta atakula mphamvu, akatswiri anaona kuti pulogalamu ingathe kusanganiza mau popanda kadi ya mtengo wapatali. M'chaka cha 2005 ALSA, imene imayendetsa mau pa Linux, inayamba kuchita chotero yokha, munthu osaiuza. Windows Vista ya 2007 nayonso inaleka kudalira kadi pa nchito imeneyi.

Nanga phunziro lake n'lotani kwa inu? Lero wolamulira mau ndiye pulogalamu, ndipo imasankhiratu khomo limodzi lotulutsira mau, kufikira mutaiuza lina. Mukalumikiza kanema ndi chingwe cha HDMI, mau angathe kupita kumeneko, chokuzira mau chanu n'kukhala duu, anthu atasonkhana kale. Pamenepo musathamangire kunena kuti makina afa. Yambani mwaona ngati mau sanatsekedwe kapena kutsitsidwa. Kenaka tsegulani pamene pali zosankha za mau, muone khomo limene lasankhidwa, ndipo musankhe loyenera.

Inu mafumu, uzani anyamata osunga makina a gulu kuti ayese zonsezi msonkhano usanayambe. Ndalama imene ikadapita kwa wokonza makina idzagula mbeu ndi feteleza.