Bwalo la Milandu ndi Eni Dziko: Mbiri ya Hartley ndi Gatooma

Lero tikambirana za funso lakale ndithu: kodi bwalo la milandu liyenera kukhala pati, ndipo woyenera kusankha malo ace ndani?

Makolo athu sanabvutike nalo funso limeneli. Bwalo linali pakati pa mudzi, patsinde pa mtengo wa mthunzi, ndipo woweruza anali mfumu yodziwa mbumba ya wodandaula ndi ya woyankha yemwe. Koma pamene Boma la Azungu linafika, linayamba kudzisankhira lokha malo oweruzirapo. Kuti tione cotulukapo cace, tiyeni ku mizinda iwiri ya pa njira ya pakati pa Harare ndi Bulawayo, ndiyo Chegutu ndi Kadoma, imene kufikira caka ca 1982 inali kuchedwa Hartley ndi Gatooma.

Dzina la Hartley linacokera kwa Henry Hartley, mlenje wa njobvu, amene pamodzi ndi Karl Mauch anaona migodi yakale ya golidi m'dzikomo ca m'ma 1866 ndi 1867. Gulu la British South Africa Company litafika m'caka ca 1890, ofuna golidi anamanga misasa pa mapiri a Hartley Hills, pafupi ndi mtsinje wa Mupfure. Pomwepo panakhazikika Boma laling'ono. Tsono dziko limeneli linali ndi mwini wace, mfumu Mashayamombe, ndipo iyeyo sanapereke ufumu wace kwa alendowo.

M'caka ca 1894 unayamba msonkho wa nyumba. Bwana wa Boma anakhala wokhometsa msonkho, wofunira migodi anthu a nchito, ndiponso woweruza milandu ya anthu akuda. Taganizani, abale: munthu amene wakulanda ng'ombe m'mawa, ndiye ukamdandaulire madzulo! Pamwamba pa izi panagwa dzombe, cilala, ndi mliri wa ng'ombe wa 1896. Mu June caka comweco anthu a Mashayamombe anapha Bwana wa Boma wa cigawoco, ndipo Azungu otsala anadzichinga pa Hartley Hills. Iyi ndiyo nkhondo yochedwa Chimurenga coyamba. Nkhondoyo inali ndi zifukwa zambiri, koma pakati pa zonsezo panali kukana ulamuliro ndi maweruzo a mlendo pa nthaka ya makolo.

Mashayamombe anaphedwa mu July 1897. Munthu wogwidwa ndi mzimu wa Kaguvi, amene anakhalapo kwa mfumuyo, anazengedwa mlandu ku Salisbury, kutali ndi kwao, napacikidwa pamodzi ndi Nehanda mu April 1898.

Cimene mikondo inalephera, njanje inacita. Njanje ya pakati pa Bulawayo ndi Salisbury, imene inatha m'caka ca 1902, inalambalala Hartley Hills. Cotero mudzi wa Azungu ndi Boma lace anasamukira kunjanjeko, pamene pali Chegutu lero, ndipo malo akale aja anasanduka bwinja. Pa mtunda wa mailosi ngati 20 kucokera pamenepo, Gatooma anakula msanga cifukwa ca migodi monga Cam and Motor, nalandira ulamuliro wace wa mzinda m'caka ca 1917, zaka zambiri Hartley asanaulandire.

Apa ndipo nkhaniyi ikhudza ife. Anthu ambiri a ku Nyasaland, a ku Fort Jameson ndi a ku Tete anayenda pansi masabata ambiri kukagwira nchito m'migodi imeneyi. Iwo anadziwa bwalo la Boma koposa cifukwa ca milandu ya citupa, ya msonkho, ndi ya kuthawa nchito, pakuti lamulo la mabwana ndi anchito la 1901 linayesa kusiya nchito mlandu woyenera ndende. Lamulo la kugawa dziko la 1930 linaika pakati pa mzinda m'manja mwa Azungu. Anthu akuda anagona kunja, m'makomboni ndi m'malokesheni, monga Rimuka wa ku Gatooma. Bwalo linali m'kati mwa mzinda, koma ambiri ozengedwamo analibe mau pa za mzindawo. Ncifukwa cace milandu yambiri ya m'banja ndi ya ngongole amaithera okha kukomboni, pamaso pa akuluakulu a mtundu wao.

Mikangano ya malo a Boma siinathere pamenepo. Pamene likulu la Northern Rhodesia linacoka ku Livingstone kunka ku Lusaka m'caka ca 1935, amalonda a ku Livingstone anadandaula kwambiri, poona kuti malonda atsata Boma. Ku Malawi likulu linacoka ku Zomba kunka ku Lilongwe m'caka ca 1975, koma bwalo lalikulu la milandu linatsala ku Blantyre.

Tsono mukamva kuti anthu a mzinda wakuti alikukana malo amene Boma lasankhira bwalo latsopano, musafulumire kuwayesa ouma mitu. Iwo afunsa zimene anafunsa akale: tidzayenda mtunda wotani, adzasamutsidwa ndani, ndipo anatifunsa kodi? Nyumba ingamangidwe ndi njerwa zolimba, koma bwalo limaima pa cikhulupiriro ca anthu olowamo. Paja akulu anati mutu umodzi susenza denga. Tsalani bwino.