Mabuku Amene Anafalitsa Luso la Mawindo a Pakompyuta

Luso lolemba mapulogalamu a pakompyuta okhala ndi mawindo, kutanthauza timabokosi tooneka pa sikirini tomwe munthu amatsegula, kusuntha ndi kutseka poloza ndi mausi kapena chala, ndi lakale kuposa boma la Phalombe, lomwe linapatulidwa ku Mulanje m'chaka cha 1998. Kampani ya Xerox inapanga makina otchedwa Alto ku Palo Alto m'chaka cha 1973, Apple inatulutsa Macintosh mu 1984, ndipo Microsoft inatsatira ndi Windows mu 1985. Komabe chimene chinafikitsa lusoli kwa anthu okhala kutali ndi makampani amenewa chinali mabuku ochepa, okhuthala ngati njerwa, omwe anthu ankabwerekana mpaka zikuto kuthothoka.

Mbiri ya mabukuwa imamveka bwino ikayambira pa X Window System, dongosolo lomwe Robert Scheifler ndi Jim Gettys anayambitsa ku yunivesite ya MIT mu 1984, ndipo mtundu wake wotchedwa X11 unatuluka mu 1987. Nzeru yake inali yolekanitsa ntchito ziwiri: pulogalamu imodzi, yotchedwa seva, imayang'anira sikirini, kiyibodi ndi mausi, pamene mapulogalamu ena onse amaitumizira mauthenga opempha kuti ijambule mzere kapena itsegule windo, ngakhale iwo ali pa kompyuta ina yakutali. Zimenezi zinali zovuta kuzimvetsa mpaka pamene Adrian Nye analemba Xlib Programming Manual, buku lomwe kampani ya O'Reilly inasindikiza mu 1988 ndipo linatsatiridwa ndi mabuku ena ambiri a m'gulu lomwelo. M'chaka chomwecho Charles Petzold anatulutsa Programming Windows, lomwe pofika mu 1998 linali litasindikizidwa kachisanu.

Mabuku awiriwa ankanena za madongosolo opikisana, koma phunziro lawo lalikulu linali limodzi, ndipo ndi limene limasokoneza ophunzira ambiri mpaka lero. Pulogalamu yachikale inkayamba, n'kufunsa mafunso motsatana, kenaka n'kutha. Pulogalamu ya mawindo imakhala chidikirire ngati wogulitsa m'golosale pa Migowi, yemwe sadziwa ngati wolowa pakhomo adzafuna sopo, mchere kapena kungofunsa mtengo: imalandira uthenga wakuti batani ladinidwa kapena kuti windo lomwe linaphimbika laonekeranso, imachita chofunikacho, n'kubwerera kukadikira uthenga wina. Petzold ankaphunzitsa zimenezi m'chilankhulo cha C, ndipo pulogalamu yake yongolemba moni pa sikirini inkatenga mizere makumi angapo. Kutalika kumeneko kunali ndi phindu, pakuti wowerenga ankaona ndi maso ake chilichonse chochitika pakati pa chala cha munthu ndi chithunzi chotuluka.

Pambuyo pake panabwera zida zofupikitsa ntchito, zokhala ndi mabatani ndi timabokosi topangiratu: Visual Basic mu 1991, Tk yomwe mwini wake John Ousterhout anailembera buku la Tcl and the Tk Toolkit mu 1994, ndiponso Qt yochokera ku Norway, yomwe Jasmin Blanchette ndi Mark Summerfield anaifotokoza m'buku la C++ GUI Programming with Qt 4 mu 2006.

Olemba onsewa ankaganizira wowerenga wodziwa Chingerezi, wokhala ndi kompyuta yakeyake ndi magetsi osazimazima, zinthu zomwe Amalawi ambiri analibe, makamaka a m'midzi ya kuseri kwa phiri la Mulanje ndi m'munsi mwa Michesi. N'chifukwa chake lusoli linaonekera kwa anthu wamba m'dziko muno kudzera m'chipatala. Mu 2001 Gerry Douglas, amene anayambitsa bungwe la Baobab Health, anaika makompyuta odina pa sikirini ndi chala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chomwe lero ndi Kamuzu Central, ndipo mu 2006 dongosolo lotere linayamba kusunga mbiri ya olandira ma ARV pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Olemba mapulogalamuwo anasiya mausi ndi mawindo osanjikizana omwe mabuku a ku America ankawatenga ngati chiyambi cha zonse, n'kuika funso limodzi pa sikirini iliyonse ndi mabatani akuluakulu, kuti namwino amene sanagwirepo kompyuta athe kulemba wodwala msanga mzere usanatalike. Chisankho chimenechi n'choyenera kulemekezedwa, chifukwa chinachokera poyang'ana munthu wogwiritsa ntchito makinawo ndi malo amene ali.

Mwana wa ku Phalombe wofuna lusoli masiku ano amalipeza mokwanira akafika ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre kapena ku MUST ku Thyolo, yomwe inatsegulidwa mu 2014, ndipo sikirini yoyamba imene amaidziwa kawirikawiri imakhala ya foni ya Android. Mizere ya mapulogalamu ya m'buku la Nye siingamuthandize kulemba pulogalamu ya pafoni, ndipo X11 yeniyeniyo ikulowedwa m'malo ndi dongosolo latsopano la Wayland, lomwe Kristian Høgsberg anayamba mu 2008. Chokhalitsa m'mabuku akalewa ndi mitu yoyambirira, yofotokoza za kudikira mauthenga ndi kujambulanso windo. Wophunzira angachite bwino kuwerenga mitu imeneyi mwa Petzold, kenaka n'kuyesa zomwe wamva ndi Tkinter, chida cha Tk chomwe chimabwera pamodzi ndi chilankhulo cha Python ndipo chimagwira ntchito pa kompyuta yakale popanda intaneti.