Mbiri ya Paipi ya Petulo, Kuchokera ku Detroit Kufikira ku Dwangwa

Ambiri a ife tinakula tikuona magalimoto amene lero akutchedwa amakedzana: Morris Minor, Peugeot 404, Land Rover zoyamba zija, ndi Volkswagen Beetle ya msana ngati wa kamba. Ena mwa inu mukuwasungabe kuseri kwa nyumba, ndipo inenso ndili m'gulu lomwelo, pakuti ndili ndi Beetle ya chaka cha 1968. Tikamacheza za magalimoto amenewa timatama injini ndi kulimba kwa bodi. Koma m'kalata ino ndifuna kulemba mbiri ya kanthu kobisika, ndiko kapaipi kotenga petulo kuchokera m'thanki kupita ku injini. Kapaipi kameneka kakatha kamapsereza galimoto yonse, ndipo mbiri yake ikukhudza dziko lathu lino m'njira imene ambiri sitiiganizira.

Tiyambire kwa Henry Ford. Galimoto yake yotchedwa Model T inayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1908, ndipo pofika 1927 anali atapanga zopitirira 15 miliyoni. Galimoto imeneyi inalibe pampu ya petulo. Pa zambiri mwa izo thanki inali pansi pa mpando wa dalaivala, ndipo petulo ankatsetsereka yekha m'kapaipi kakafupi mpaka kukafika ku kabuleta, monga momwe madzi amatsikira mu ngalande. Vuto linkabwera pa chitunda. Galimoto ikapenyetsa mphuno kumwamba, kabuleta inkakhala pamwamba kuposa petulo wa m'thanki, makamaka ngati watsala pang'ono, ndipo injini inkazima. Nzeru ya madalaivala a nthawi imeneyo inali kutembenuza galimoto ndi kukwera chitundacho chafutambuyo.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 kunafala pampu yoyendetsedwa ndi injini. Pampuyi inachititsa kuti kuika thanki kutali ndi injini kukhale kosavuta, ndipo paipi inatalika n'kumayenda pansi pa galimoto pamene pali matope, miyala ndi dzimbiri. Paipi ya mkuwa weniweni inali yosavuta kupinda, koma mkuwa ukamagwedezeka masiku onse umauma ndipo umasweka. Munthu wina wa ku Detroit, Harry Bundy, amene anayambitsa kampani yake m'chaka cha 1922, ndiye anatchuka ndi paipi ya mtundu wina: chitsulo chopyapyala chokutidwa ndi mkuwa, chokulungidwa kawiri, n'kuchiwotcha mu ng'anjo kuti chimatirire pamodzi. Amakaniko ambiri amaitchulabe paipi yotere ndi dzina la Bundy.

Komatu chitsulo chokha sichingagwire ntchito yonse. Injini imanjenjemera payokha, bodi imagwedezeka payokhanso, choncho pokumanira ziwirizi pamafunika paipi yofewa. Mphira wa mumtengo sakanatha, chifukwa petulo amamufufumitsa ndi kumufewetsa. Yankho linachokera ku Germany m'zaka za m'ma 1930, pamene akatswiri a kampani ya IG Farben anapanga mphira wa m'fakitale wotchedwa Buna N, amene lero amatchedwa nitrile. Mphira ameneyu, kawirikawiri wokutidwa ndi nsalu yolukidwa kunja kwake, ndiye anatumikira magalimoto a m'zaka za m'ma 1950, 1960 ndi 1970. Anamupangira petulo wa masiku amenewo, ndipo mfundo imeneyi tiikumbukire.

Beetle ndiyo ikuonetsa bwino kufunika kwa nkhaniyi. Magalimoto amenewa anapangidwa opitirira 21 miliyoni, yomaliza inatuluka ku Puebla m'dziko la Mexico m'chaka cha 2003, ndipo ku Uitenhage m'dziko la South Africa ankawapanga kuyambira 1951 mpaka 1979. Thanki yake, ya malita pafupifupi 40, ili kutsogolo, pamene injini ili kumbuyo. Paipi yachitsulo imayenda m'kati mwa msana wa galimoto, mu mzere wotukuka uja umene uli pakati pa mipando. Mphira amalumikiza malo angapo, monga: pansi pa thanki, potulukira kumbuyo pafupi ndi giyabokosi, ndiponso kuchokera ku pampu kukwera ku kabuleta. Kachidutswa komalizaka kali pafupi ndi distributor ndi mawaya a mapulagi, kumene kumathetheka moto nthawi zonse injini ikamalira. Petulo akadontha pamenepo, moto subwera mochedwa. Choopsa china n'chakuti chigoba cha injiniyo chili ndi magnesium, chitsulo chija chinkayaka mothobwa m'maso m'phunziro la sayansi, ndipo chikagwira moto madzi sachizimitsa.

Tsopano tibwere kwathu kuno. Mitengo ya mafuta inakwera koopsa pa dziko lonse m'chaka cha 1973, ndipo inakweranso mu 1979. Maiko opanda zitsime za mafuta anayamba kufunafuna njira zina. Brazil inayambitsa ndondomeko yake yopanga ethanol kuchokera ku nzimbe m'chaka cha 1975, ndipo ku Zimbabwe fakitale ya ku Triangle inayamba mu 1980. Malawi inatsatira m'chaka cha 1982, pamene fakitale ya Ethanol Company ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota, inayamba kutcheza ethanol kuchokera ku molasi, madzi akuda otsala popanga shuga. Inafika pa nthawi yake, pakuti m'zaka zomwezo nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, ndipo mafuta ankadzera njira zazitali ndi zodula. Lita iliyonse yochokera ku nzimbe zathu inapulumutsa ndalama zakunja. M'chaka cha 2004 fakitale yachiwiri, PressCane, inatsegulidwa m'boma la Chikwawa. Kwa zaka zonsezi petulo wa m'dziko muno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol, kawirikawiri magawo 10 mpaka 20 pa 100 alionse.

Imeneyi inali nzeru yabwino kwa dziko, koma galimoto yakale inafunika kuisamala mwatsopano. Ethanol ndi mbale wake wa kachasu, ndipo ali ndi makhalidwe awiri amene paipi yakale siwakonda. Loyamba, amakoka chinyezi cha mu mpweya. Galimoto ikaima miyezi yambiri, madziwo amadikha pansi pa thanki ndi m'paipi, ndipo dzimbiri limadya chitsulo kuyambira m'kati. Lachiwiri, amalowerera mu mphira wakale, ndipo pakapita nthawi mphirayo amauma ndi kuchita ming'alu. Pamene dziko la Britain linayamba kugulitsa petulo wa magawo 10 a ethanol m'mwezi wa September 2021, eni magalimoto akale kumeneko anada nkhawa ndi mapaipi awo. Amakaniko athu anali atakhala ndi petulo wotere kwa zaka 39.

Posintha mapaipi a galimoto yanga ndinaona mbiri yonseyi ndi maso. Poyamba ndinachotsa waya wa batire, ndinakankhira galimoto pabwalo kutali ndi mbaula, ndipo ndinakhuthulira petulo yense m'chigubu chachitsulo. Chifukwa chokhuthulira n'chakuti thanki ili pamwamba kuposa paipi, ndiye ukangomasula mphira wa pansi, petulo amatsika yekha monga mu Model T muja. Mphira wakale ankaoneka wabwinobwino kunja, chifukwa nsalu yolukidwa ija imabisa zonse. Nditamupinda anathyoka ngati phesi louma, ndipo m'kati munali ming'alu yokhayokha. Paipi yachitsulo ndinaiyesa potseka mbali imodzi ndi kupopera mpweya mbali inayo. Inasunga mpweya, choncho ndinaisiya. Ikanakhala yobooka, ndikanayala ina yatsopano ya mkuwa wosakaniza ndi nickel, imene sichita dzimbiri, pakuti kutulutsa yakale mu msana wa Beetle ndi ntchito yaikulu.

Pa mphira watsopano pali zinthu ziwiri zoyenera kufunsa m'sitolo, ndipo safunsa anadya phula. Choyamba ndi mtundu wake. Paipi yolembedwa SAE J30 R9 ili ndi mphira wapadera m'kati amene amapirira ethanol kuposa wa masiku akale. Chachiwiri ndi kukula kwa bowo. Beetle imafuna paipi ya bowo la mamilimita 5 kapena 5.5. Ya kota inchi, imene imapezeka msanga, ndi yopitirira mamilimita 6, ndipo imakhala yokhwepa ngakhale uimange chotani. Kumapeto kulikonse ndinaika kilampu. Ndinasinthanso kamphira kozungulira bowo la lata limene paipi yachitsulo imadutsa polowa ku injini, chifukwa kakasowa, latalo limacheka paipi pang'onopang'ono ngati sowo. Fyuluta ndinaiika kunja kwa chipinda cha injini, pakuti ikalendewera pakati pa pampu ndi kabuleta kulemera kwake kumatha kuzula kachitsulo kolowera petulo mu kabuleta. Pomaliza ndinathira malita ochepa, ndinaliza injini, ndipo ndinapapasa polumikizira paliponse ndi pepala louma.

Anzanga, galimoto ya zaka zopitirira 50 inapangidwira petulo amene sakupezekanso pa filing'i sitesheni iliyonse m'dziko muno. Injini yake ikhoza kuyendabe zaka zambiri, koma mphira ali ndi moyo waufupi, ndipo amatha ngakhale galimoto ili chiimire. Ngati muli ndi galimoto yotere, ndipo mumaitulutsa pa tsiku la ukwati wa mdzukulu kapena pa msonkhano wathu wa pachaka, musanakweze munthu m'menemo tsegulani ku injini, nunkhizani, ndipo mupinde paipi iliyonse ndi zala. Ikauma kapena ikanyowa, isintheni tsiku lomwelo, ndipo musunge chozimira moto pansi pa mpando. Mtengo wa mita imodzi ya paipi sungafanane ndi wa galimoto imene sidzapangidwanso, kapena moyo wa amene mwawanyamula.