Ngongole imene pulogalamu imaiwala kubweza

Pulogalamu ya pakompyuta ikamagwira ntchito imabwereka malo mu memory, ikatha nawo imayenera kubweza. M'chilankhulo cha C, chimene Dennis Ritchie anapanga ku Bell Labs cha m'ma 1972, wolemba pulogalamu amabwereka ndi malloc n'kubweza ndi free, ndipo palibe womukumbutsa. Akaiwala kamodzi, kachidutswa kaja kamangokhala kotsekeka, ngati mpando wobwereka pamaliro umene sunabwerere kwa mwini wake. Akatswiri amati memory ikudontha. Tsiku loyamba simuona kanthu. Koma seva imene yayaka milungu itatu imayamba kulemera, kenako n'kuzima pakati pa usiku, ndipo wodzutsidwa kuti akaikonze sadziwa poyambira.

John McCarthy wa ku MIT anali atapeza kale njira cha m'ma 1959: m'chilankhulo chake cha Lisp, kompyuta yokha imatolera malo amene sakugwiranso ntchito. C ndi C++ sizinatsate njirayi, zinasankha liwiro, ndipo mtolo unatsalira anthu.

Mu 1992, Reed Hastings ndi Bob Joyce anafotokoza chida chawo, Purify, pamsonkhano wa USENIX. Chinkalowetsa alonda ake m'pulogalamu yomangidwa kale, n'kufufuza zidutswa za memory zimene palibenso chozilozera. Chinali chogulitsa, ndipo si onse akanachikwanitsa. Hastings ndi yemwe uja anadzayambitsa nawo Netflix mu 1997.

Mu 1997 momwemo, Kent Beck ndi Erich Gamma anakwera ndege limodzi kuchoka ku Zurich kupita ku Atlanta, ndipo ali m'mwambamo analemba JUnit. Ganizo lake linali losavuta: kachigawo kalikonse ka pulogalamu kakhale ndi mayeso akeake, oyenda okha nthawi iliyonse munthu akasintha kanthu. Zonse zikayenda bwino pamaoneka mzere wobiriwira, china chikalakwika wofiira. Anthu anaukonda mzere wobiriwirawo, ndipo m'pomveka. Koma mayesowo amafunsa funso limodzi: kodi yankho ndi lolondola? Safunsa ngati zobwereka zabwezedwa. Pulogalamu imatha kukhoza mayeso onse uku ikudontha.

Julian Seward anatulutsa Valgrind mu 2002, yaulere, ndipo aliyense wa Linux anatha kuona ndi maso ake mawu akuti "definitely lost", chiwerengero cha ma byte otayika, ndi mzere weniweni pamene anabwerekedwa. Vuto linali liwiro. Pansi pa Valgrind pulogalamu imachedwa maulendo 10 mpaka 50, choncho ambiri ankangoiyendetsa usiku. M'mawa lipoti limabwera litasakaniza ntchito ya anthu angapo ya tsiku lonse, aliyense n'kumati si ine.

Apa m'pamene ine ndimalemekeza CppUTest, chida chosatchuka kwenikweni chimene amachidalira olemba mapulogalamu a timakina ting'onoting'ono. Chimawerenga zobwereka mayeso aliwonse asanayambe, n'kuwerenganso akatha. Zikasiyana, mayesowo alephera, ndipo dzina lake limaonekera pompo. Amene wangolemba mizere khumi safunika kufufuza pulogalamu yonse. Cholakwa chili m'zimene manja ake agwira posachedwapa, akuzikumbukira.

Mu 2012 akatswiri a ku Google, motsogozedwa ndi Konstantin Serebryany, anafotokoza AddressSanitizer, imene imachedwetsa pulogalamu pafupifupi kawiri kokha. Pasanapite nthawi anaiphatikiza ndi LeakSanitizer, yofufuza kudontha kwa memory. Lero zili mkati mwa Clang ndi GCC, zida zomangira mapulogalamu: mungowonjezera -fsanitize=address pomanga pulogalamu, ndipo pa Linux ikatseka ili ndi ngongole, mayeso amafiira.

Zilankhulo zotolera zokha, monga Java, nazonso sizinapulumuke. Wotolerayo sangachotse chinthu chimene china chake chikuchigwirabe. Pa Android, tsamba la pulogalamu limene mwatseka limatha kutsalira mu memory chifukwa kanthu kena kaiwala kulisiya, ndipo amene amamva kuwawa msanga ndi wa foni yotsika mtengo, ya memory yochepa. Kampani ya Square inatulutsa LeakCanary mu 2015, dzina lochokera ku kambalame kamene anthu a m'migodi ya malasha ankalowa nako kuti kawachenjeze za mpweya woipa. Tsamba likatsekedwa, LeakCanary imadikira masekondi 5. Ikalipeza likadalipo, imasonyeza wolemba pulogalamu unyolo wonse wa zimene zikuligwira.