Paul Ngozi ndi Gitala ya ku Chibolya

Dzina lake lobadwa nalo lidali Paul Dobson Nyirongo, koma Zambia yense adamdziŵa ndi dzina loti Paul Ngozi. Adabadwa m'chaka cha 1949 ndipo adakulira ku Chibolya, komboni ya anthu osauka mumzinda wa Lusaka. Dzina loti Ngozi lidamuyenera, pakuti akakwera pansanja gitala yake sinkalira mwaulemu. Inkabangula, ndipo nthaŵi zina ankaiimba ndi mano, anthu nkumakuwa.

Pamene dziko la Zambia lidalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, chuma chake chidali pa mkuwa, ndipo mkuwawo unkagulidwa pamtengo wabwino. Ogwira ntchito m'migodi ya ku Kitwe, Chingola ndi Luanshya adali ndi ndalama zogulira mawailesi ndi mbale za galamafoni. Motero anyamata a m'matauni adakula akumva Jimi Hendrix, James Brown, The Rolling Stones ndi Black Sabbath, ndipo magulu awo oyamba ankangobwereza nyimbo za oimba amenewo m'mahotela ndi m'maholo. Ngozi nayenso adayambira pomwepo. Pambuyo pake adakaimbako ku Nairobi ndi gulu la Musi-O-Tunya, limene lidali litayamba kale kusakaniza ng'oma zakumudzi ndi magitala amagetsi. Atabwerera kwawo adakhazikitsa gulu lake la Ngozi Family, woimba ng'oma wake ali Chrissy Zebby Tembo.

Chimene chidatembenuza zinthu ndi wailesi. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda adalamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pawailesi zikhale za m'dziko momwemo. Cholinga chidali kuteteza chikhalidwe ku nyimbo zakunja, koma lamulo lili ndi njira zake: amene adapindula kwambiri ndi anyamata omwe aja a magitala aphokoso. Owulutsa mawu adafunika nyimbo zambiri zodzazira maola, ndipo nyimbo ya Hendrix yobwerezedwa sinkakwanira. Woimba adayenera kupeka zake. Makampani ojambula nyimbo a ku Ndola, monga Teal ndi Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo, adayamba kutulutsa mbale motsatizana. Nyimbo zimenezi ndizo zidatchedwa Zamrock.

Mu 1976 gulu la Ngozi Family lidatulutsa mbale yotchedwa Day of Judgement, ndipo mu 1977 lidatulutsa 45,000 Volts. Ena amati Ngozi adali wongotsanzira Hendrix. Amene amatero sadamvetsere bwino. Nzoona kuti kwa oimba rock adatengako fuzz, kachipangizo kopondedwa ndi phazi kamene kamasasitsa mawu a gitala; kwa James Brown adatengako kagundidwe ka funk kovinitsa; ndipo kakokedwe kake ka nsambo, kolira ngati munthu wodandaula, nkochokera ku blues. Koma kamangidwe ka nyimbo nkakwathu. Kachigawo kamodzi kakafupi kamabwerezedwa kambirimbiri monga ichitira ng'oma pabwalo, wotsogolera amaponya mawu anzake nkuvomera, ndipo m'nyimbo zambiri mawuwo ali m'Chinyanja cha m'makomboni a Lusaka, chimene aliyense wolankhula Chicheŵa angachimve popanda womasulira. Nkhani zake sizidali za maluŵa ndi mwezi ayi. Adaimba za umphaŵi, miseche, mabanja osokonekera ndi moyo wa mkomboni, moti mbale yake ina adangoitcha The Ghetto. Kunena zoona, kajambulidwe ka mbale zimenezi nkokhakhala, ndipo mawu ake sadali okoma ngati a oimba kwaya. Komatu kukhakhala komweko nkumene kudachititsa anthu a ku Chibolya ndi Matero kumva kuti woimbayo ndi mnzawo.

Nyengo yokomayi sidakhalitse. Mtengo wa mkuwa udagwa mu 1975, ndipo pang'onopang'ono mbale ya galamafoni idasanduka chinthu chosagulika kwa munthu wofuna ufa. Mu 1978 ndi 1979 asilikali a Rhodesia adaloŵa m'Zambia kukaphulitsa misasa ya omenyera ufulu wa Zimbabwe, mpaka mu Lusaka momwe, ndipo boma lidaletsa kuyenda usiku. Woimba amadya za usiku. Maholo atatsekedwa, magulu ambiri adabalalika. Kenaka kudabwera disco ndi makaseti okopera mwakuba, ndipo m'zaka za m'ma 1980 mitima ya anthu idapita ku kalindula. Ngozi adalimbikirabe kujambula kufikira imfa yake mu 1989. M'zaka zomwezo ndi zotsatira, matenda a Edzi adatha oimba ambiri a mbadwo umenewo, ndipo mbale zawo zidatsala m'makatoni, zikudyedwa ndi fumbi.

Patapita zaka zoposa makumi aŵiri, kampani ya ku Los Angeles yotchedwa Now-Again idayamba kufunafuna mbale zakalezo ndi kuzisindikizanso, ndipo anthu ambiri a ku Ulaya ndi ku America adamva Ngozi Family kwa nthaŵi yoyamba. Mu 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, adatenga chigawo cha nyimbo ya "Nizakupanga Ngozi", ya m'mbale ya 45,000 Volts, nachiika m'nyimbo yake yotchedwa "Noid". Achinyamata a m'maiko akutali adayamba kufunsana tanthauzo la mawu a Chinyanja amene adajambulidwa makolo awo akali ana. Ku Lusaka, m'dera la Kabwata, kuli msewu wotchedwa dzina lake.